Simioni, Mlovi Amene Anayimbira Denga Lake

Inu amene mwagwira tsaya lero n'kumati zanu zathera pomwepa, tasendezani mpando. Ndikufuna ndikuuzeni za Simioni wa ku Mangochi, munthu amene anzake anamuika m'gulu la otha ntchito mutu wake usanaone n'komwe imvi.

Zinali m'zaka za m'ma 1970, masiku a chipani chimodzi aja. Mvula inali itangosiya kumene. Simioni anali atakhala pachitsa kuseri kwa khitchini ya apongozi ake, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje chakale. M'dzanjamo munali mutatsala chala chachikulu chokha.

Simioni anali mlovi, m'modzi mwa anthu okoka khoka la munthu wina pa doko. Tsiku lina mafunde anakankha bwato modzidzimutsa, chingwe n'kumuzenga dzanja. Chakudza sichiyimba ng'oma. Kuchipatala anapulumutsa chimene akanatha kupulumutsa, zala zinazo anadula.

Tsoka silinakhute. Iye ali gone m'chipatalamo, mvula inagwetsa denga la nyumba yake, limene chiswe chinali chitalidya kale m'kati. Mkazi wake Keti ndi kamwana kawo Jestina anasamukira m'khitchini ya amayi a Keti, ndipo Simioni atatuluka anawapeza momwemo.

Pamudzipo sipanali pakwawo. Anali mkamwini. Iye anali mwana wamasiye wa ku Malindi, wokulira m'zisakasa za asodzi, ndipo kwawoko kunalibe ngakhale khonde loti angakausepo.

Tsiku limenelo kunabwera a Dyson, amalume ake a Keti, mwini mbumba yonse komanso mkulu wa mpingo. Sanali munthu wankhanza ayi, koma ankakhulupirira kuti mkamwini amadziwika ndi nyumba imene wamanga.

"Akamwini, pepani ndi dzanjali," anatero a Dyson ataima chiimire. "Koma inunso mukudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda. Mwana wa mlongo wanga sangakalambire m'khitchini ngati nkhuku yofungatira mazira. Mvula yoyamba ikadzagwa nyumba ija ili chiyasamulire, mudzanyamule mkeka wanu. Jestina adzatsala, ameneyo ndi wathu."

Simioni anayang'ana Keti. Keti ankasenda chinangwa, ndipo sanadzutse nkhope. Mawu a amalumewo anawawa, koma kukhala chete kwa mkazi wake kunamuwawa koposa. Anaganiza kuti nayenso watopa naye.

Anayamba ndi kwa mwini khoka. Bamboyo anamupatsa nsomba za ndiwo n'kumuuza mwaulemu kuti khoka silikokedwa ndi chisoni. Anapita kumsika kukafuna ganyu wonyamula katundu, ayufi, anyamata a chipani aja, n'kumubweza pachipata chifukwa analibe khadi lachipani la chaka chimenecho. Atalipeza khadilo, thumba loyambirira lomwelo linamupulumuka n'kung'ambika, nyemba za eni ake mbwee m'fumbi. Anayesa kusoka maukonde akugwira ulusi ndi mano, koma ntchito ya m'mawa umodzi inkamutengera masiku.

Masana ena anaima pa mlatho wa Shire nthawi yaitali akuyang'ana madzi. Zimene ankaganiza sindikuuzani, ena mwa inu mukuzidziwa bwino. Chimene chinamuchotsa pamenepo chinali kulira kwa banjo kumene mphepo inkabweretsa kuchokera kuseri kwa msika. Analondola phokosolo mpaka anafika ku thaveni ya a Lizzie.

Muyenera kuidziwa thaveni imeneyi kuti mumvetse zotsatirazo. A Lizzie anali mkazi wamasiye wa msilikali, mayi wa mawu aakulu amene zidakwa zinkawaopa kuposa apolisi. Malo awo ankadzaza dzuwa lili paliwombo, chifukwa alovi amagwira ntchito anzawo ali m'tulo, ndipo ikamakwana nthawi ya nkhomaliro amakhala atagulitsa kale, kukhosi kuli gwa. Dzuwa likapendeka kunkawonjezereka mamesenjala a kuboma, asilikali a patchuthi, aphunzitsi ozemba maso a ahedi, ndiponso anthu a m'maesiteti a fodya a ku Namwera pakutha pamwezi.

Pabwalo panali mtengo wa mango, ndipo pansi pake pankakhala gulu loyimba la a Gilford, amene anapuma usilikali n'kukhazikika ku Mangochi chifukwa cha chambo, eni ake ankatero. Banjo yawo inali ya galoni ya mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Mnzawo Macloud ankaomba ng'oma ndi maseche a zitsekerero za mabotolo. Pambali panali babatoni yopanda mwini, pakuti woiyimba anali atapita ku migodi ku Joni.

Ngati simunaionepo, babatoni ndi ng'oma yaikulu yachikopa yogonekedwa pansi, yokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi yokha. Woyimba amaikhalira. Dzanja lina amamenya nsamboyo ndi kamtengo, lina amatsetsereza botolo kuti mawu akwere kapena atsike.

Pansi pa mangowo pankadutsa oyimba amitundumitundu. Kunkabwera nkhalamba ina ya bangwe yochokera ku Makanjira, kunkabwera bambo wa akodiyoni wa kumalire a Mozambique, kunkabweranso anyamata a magitala osema okha. Lamulo lake linali losavuta. Aliyense ankaloledwa kuyimba, koma omwa akayamba kugogoda zitini zawo pa mabenchi ndiye kuti wakanidwa, ukhale pansi upatse ena mpata.

Simioni anaiyang'ana babatoni ija masiku angapo asanalimbe mtima.

"Bambo Gilford, ndingayeseko?"

A Gilford anayang'ana dzanja lija, kenako nkhope. "Muzimenya ndi chiyani, achimwene?"

"Mawa ndibwera nacho chomenyera."

Anabweradi. Anadula mphira ya chubu cha njinga n'kumangirira kamtengo kuchikhatho chodukacho, chala chachikulu chija chikukapanikiza. A Lizzie anamulola kuti aziphunzira m'mawa anthu asanafike, malinga ayambe wasesa pabwalo ndi kutsuka zitini. Mphira inkatsekereza magazi, dzanja n'kutupa, bala n'kutsegukanso. Ankamasula, n'kupumula pang'ono, n'kumanganso.

Itafika nyengo yozizira, mwera ukuwomba, anati wakonzeka. Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo ambirife timalakwitsa pomwepa. Anaganiza kuti woyimba weniweni ndi wa pa wayilesi. Choncho anasankha nyimbo za ku Zaire zimene zinkamveka masiku amenewo, m'chilankhulo chimene sankachimva ngakhale moni. Anatsinzina maso, kukweza chibwano, n'kuyimba yekhayekha osasiyira munthu polowera.

Sanafike n'pakati pomwe. Zitini zinayamba kulira pa mabenchi.

"Tazimitsani wayilesiyo," anatero munthu wina kumbuyo. "Mabatire atha."

Anthu anaseka mpaka ena kutaya mowa, chinthu chimene sichichitika wamba pamalo ngati amenewo. Amene anaseka kwambiri anali alovi anzake akale. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka Mabatire.

Loweruka lotsatira anayesanso. Zitini. Anasintha nyimbo, zitini zomwezo. Mapeto ake a Lizzie anamuitanira kuseri.

"Simioni, ine ndimagulitsa mowa, sindigulitsa chifundo. Ukayamba kuyimba anthu akumawolokera kubala ya uko. Babatoni uzimenya, kumbuyo kwa a Gilford, koma pakamwa potseka."

"Zikomo, mayi. Ndizimenya."

Anamenyadi, tsiku ndi tsiku, ali chete ngati mlendo pa mlandu wa eni mudzi. Palibe amene ankamuyang'ana, koma dzanja lija linkazolowera, ndipo kamtengo kanasiya kuphonya nsambo.

Mbiri inali itakafika kale kumudzi. "Akamwini, ndamva kuti mwapeza ntchito yoseketsa zidakwa," anatero a Dyson atakumana naye panjira yakutchalitchi. "Denga lija mudzafolera ndi nyimbo?"

Simioni anangoti zikomo n'kupatuka. Kunyumba Keti ankamutsuka bala ndi madzi ofunda amchere, osanena kanthu za thaveni, osanena kanthu za denga. M'mawa Simioni ankadzukanso n'kupita kukasesa.

Ambirife tikanasiyira pamenepo. Kusowa kumapiririka, koma kusekedwa ndi anthu amene unkadya nawo m'mbale imodzi kumathyola msana. Chimene chinkamudzutsa Simioni chinali chimodzi. Jestina akamuthamangira pobwera n'kumugwira chala chotsalacho, ankadziuza kuti mwana ameneyu sadzaitana munthu wina kuti bambo.

Zinthu zinatembenuka Loweruka lina la pakutha pa mwezi wa Ogasiti. Thaveni inali itadzaza, mowa utatha, aliyense maso ali kumsewu. Lole yobweretsa mowa inafikadi, koma powoloka kakhwawa kouma ka kuseri kwa msika inatitimira mumchenga mpaka m'mimba.

Simunaonepo chikondi cha pa abale ngati simunaone zidakwa zikupulumutsa mowa. Anthu amene kumaliro amadwala msana ikafika nthawi yokumba manda anathamanga ngati anyamata. Alovi anabweretsa chingwe cha khoka n'kuchimangirira kutsogolo kwa lole, aliyense n'kugwirapo.

Koma aliyense ankakoka nthawi yake. Uyu akukoka, uyo akupuma, wina akulamula, winanso akutsutsa wolamulayo. Matayala ankangokumba mchenga, lole osasuntha. Ena anayamba kutukwanizana.

Simioni anaima pambali, pakuti analibe chogwirira. Ankayang'ana mapazi a anthuwo, ndipo zinamunyansa monga zimanyansira mlovi aliyense kuona chingwe chikuzunzidwa. Pa khoka paja iye ndi amene ankayambitsa nyimbo yokokera. Sanaiyesepo luso, ndipo palibe mlovi amene anapatsidwapo nsomba yowonjezera chifukwa cha iyo. Mawu anangotuluka okha.

"Chingwe n'cha yani?"

Alovi anayankha asanaganize n'komwe, matupi akugwera kumbuyo pamodzi. "N'chathu."

"Wagona ndani?"

"Mlesi."

"Adya chiyani?"

"Mamba."

Nyimbo ya khoka imayenda chonchi. Woyambitsa amaponya mawu ochepa n'kusiya mpata, ndipo mphamvu yonse ya okoka imagwera pa kuyankhapo. Satsinzina. Amayang'ana zidendene za munthu wofooka kwambiri n'kuyendetsa nyimbo pa liwiro la ameneyo, ndipo akaona wina akuzemba amamutchula dzina kuti anzake amuseke, akoke. Simioni anatchula a Gilford, anatchula mesenjala wina wamimba, anatchula ndi a Lizzie omwe amene anaima patali atagwira m'chiuno. Aphunzitsi ndi asilikali amene anali asanagwirepo khoka anapezeka akuyankha limodzi ndi alovi.

Lole inagwedezeka, inalira, n'kutuluka.

Anthu anabwerera ku thaveni akuyimbabe. A Gilford anatola banjo n'kuyamba kufufuza nyimboyo pa nsambo mpaka anaipeza. Kenako anakankhira babatoni kwa Simioni ndi phazi.

"Mwatizunza nthawi yonseyi ndi Chizaire chabodza, zinthu izi muli nazo m'mimba?"

"Izi si nyimbo, bambo. Ndi zokokera khoka basi."

"Ndiye muzibwera nazo zomwezo. Koma zotukwana muzisiya kunyanja, ndipo dzina la wamkulu aliyense lisamalowemo. Ayufi amamwanso pano."

Tsiku limenelo palibe amene anagogoda chitini, ndipo a Lizzie anaiwala mwadala lamulo lawo lija.

Musaganize kuti basi zinatheka. Nyimbo imodzi siyimbidwa mwezi wathunthu. Simioni anayamba kuyenda m'madoko, kukhala pansi ndi nkhalamba zosoka maukonde, kuzipempha nyimbo zakale za Chinyanja ndi za Chiyao zimene anyamata anali ataziiwala. Zambiri zinali zoti sungayimbe apongozi ali pafupi, ndiye ankazichapa mawu n'kuikamo za moyo wa pa thaveni pomwepo, za mwamuna wobisa malipiro m'sokosi, za mesenjala wodzitcha bwana akafika kumudzi. Anaphunzira kugwetsa kamtengo ka babatoni pamene pamagwera mphamvu ya okoka, kuti munthu ngakhale atakhala pa benchi amve msana ukufuna kuyankha.

Zopinga sizinathe. Ankayamba ndi nyimbo yachipani monga ankachitira oyimba onse ofuna kukagona kunyumba kwawo. Masiku ena ayufi ankatseka thaveni n'kukusira aliyense kumsonkhano. Sabata ina mawu anamuthera. Ina dzanja linatupa moti mphira sinkamangika, ndipo anamenya babatoni ndi lamanzere, botolo atalipanikiza ndi chala chimodzi chija. Zinkamveka mopotoka, koma sanajombe.

Anthu anayamba kuchoka m'mabala ena kudzayankha nyimbo kwa a Lizzie. Nkhalamba ya bangwe ija inkasiya nthawi yake kuti iyimbe naye limodzi. Amayi ogulitsa kanyenya kunja kwa mpanda ankayankha nawo ali pamoto. Dzina loti Mabatire silinachoke, koma tsopano ankalitchula mokoma.

Chizolowezi cha pamalopo chinali chakuti woyimba akasangalatsa amamusupa mowa. Tsiku lina zitini zitandandalikidwa pamapazi pake, Simioni anaimitsa nyimbo n'kulankhula zimene anali asanauzepo munthu.

"Abale anga, mowa wanu ndayamika. Koma ine mvula ikundithamangitsa. Nyumba yanga ilibe denga, ndipo ikangogwa yoyamba banja langa latha. Dzanja lodulira mitengo ndilibe. Wofuna kundisupa andisupe phaso."

Panamveka kuseka pang'ono, kenako bata. Kupempha pagulu n'kowawa kwa mwamuna amene ankadya za thukuta lake, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa zimenezo.

M'mawa mwake bambo wina wa ku Namwera dzina lake Atumani, amene mowa sankamwa koma ankadzaima kumpanda chifukwa cha nyimbo, anafika ndi nsungwi atazimangirira pa njinga. Simioni anamuika m'nyimbo tsiku lomwelo, bwalo lonse n'kumayankha dzina lake. Basi, mpikisano unayambika, pakuti palibe munthu amene safuna kumva dzina lake likuyimbidwa. Kunabwera mapaso, kunabwera luzi, msilikali wina anabweretsa mtanda wa bulugama atasenzetsana ndi anzake. A Lizzie ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti kuseri kwawo kwasanduka nkhalango, koma wina atayesa kusololapo nsungwi anamuthamangitsa ndi chikuni.

Mu Okutobala, Lolemba lina m'mawa, a Gilford, Macloud ndi gulu la alovi anafika pamudzi pa Keti atasenza mitengo, onse ali bwinobwino osalawa kanthu, zimene akazi awo sanakhulupirire atamva. Pofika masana mapaso anali atakwera, omangidwa ndi mfundo za asodzi zosamasuka. Mutu umodzi susenza denga, akulu ananena, ngakhale sanatiuze kuti mitu inayo ingachokere ku thaveni.

A Dyson anazungulira nyumbayo, kugwedeza phaso ili, kugwedeza ilo. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Udzu uli kuti, akamwini?"

Simioni analibe ngakhale mtolo umodzi. Pamaso pa anzake ndi pa mkazi wake, manyazi anamuyankhira. "Ukubwera, amjomba."

Linali bodza. Iye anali munthu wa m'madzi. Ankadziwa mwezi umene chambo chimaswana ndi mphepo imene imabweretsa usipa, koma udzu ankayesa kuti umapezeka nthawi iliyonse ngati tomato wa pamsika. Wa nyumba yoyamba ija anasinthanitsa ndi nsomba osafunsa kuti unamwetedwa liti. Sankadziwa kuti udzu wofolera amamweta nyengo yozizira, moto usanalowe m'tchire, ndipo wosamweta nthawi imeneyo amadikira chaka chamawa.

Anayenda midzi yonse yozungulira osauza munthu kunyumba. Amene anali nawo anali atafolera kale zawo, wotsala atagulitsa ku maesiteti kuti akafolerere zigafa za fodya. Anakwera mpaka ku Chowe n'kupeza mapiri ali bii, phulusa lokhalokha. Ananong'oneza anzake a ku thaveni, iwo n'kungoyang'anana, pakuti nawonso anali anthu a m'madzi ndi a m'maofesi. Anaganizako za masamba a mgwalangwa, koma ankadziwa kuti a Dyson adzati anapempha nyumba osati chisakasa cha pa doko.

Kutentha kunafika poipa. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana pamwamba pa mapiri a ku Namwera, ndipo tsiku lina kunamveka kugunda.

Tsiku limenelo Simioni sanapite kukayimba. Analowa m'khitchini muja n'kuyamba kulongedza tinthu take ndi dzanja limodzi. Keti anamupeza akulimbana ndi kumanga kamtolo ndi mano.

"Mukupita kuti, abambo a Jestina?"

"Ndisadikire kuthamangitsidwa mwana akuona. Udzu palibe, mayi. Ndinanama. Ndafuna konsekonse."

Keti analoza kamtolo kaja. "Ikani pansi zimenezo. Kaitaneni anzanu oyimba aja, abwere ndi njinga zawo."

Anawatsogolera kumtunda, njira ya ku Chowe, mpaka pakhomo pa mnzake wina dzina lake Esime, amene ankagulitsa naye chinangwa pamsika. Kuseri kwa nyumba ya Esime kunali thandala lalitali lotalikira chiswe. Pamwamba pake panali mitolo ya udzu wautali, wouma bwino, wokwanira nyumba ndi khonde lomwe.

Simioni anaukhudza ndi chala chake chija. "Uwu ndi wa yani?"

"Wathu," anatero Keti. "Inu munauza amjomba kuti udzu ukubwera, ine n'kumayesa kuti anzanu akusupani ndi udzu womwe. Mukanandifunsa."

"Ndimayesa munatopa nane. Munamweta liti?"

"Nthawi ya mwera ija. Inu mukamapita kukasesa kwa a Lizzie, ine ndinkabereka Jestina n'kukwera kuno."

"Nthawi imene ankandigogodera zitini?"

"Yomweyo."

"Nanga bwanji osaunjika pakhomo?"

"Mukanamauona m'mawa uliwonse ukukufunsani mapaso. Okufunsani munali nawo okwanira."

Simioni anafunsanso kuti, "Munadziwa bwanji kuti mapasowo adzapezeka?"

"Sindinadziwe. Ndinangoona kuti munthu akudzukabe, ndiye ndinati nanenso ndizidzuka."

Mwamuna uja analira pamaso pa anzake, osabisa nkhope. Analira ndi chisangalalo, analiranso ndi manyazi, chifukwa miyezi yonseyo ankadziyesa wosiyidwa pamene mkazi wake ankachekeka manja m'tchire chifukwa cha iye. A Gilford, msilikali wakale, anapeza chifukwa choweramira kuyang'ana tayala la njinga yawo.

Udzu unatsika kumtunda pa njinga ndi pamitu. M'mawa mwake alovi anakwera padenga, mitambo itada kale. Koma kumanga mfundo ndi kwina, kufolera ndi kwinanso. Ankayala udzu mokhotakhota, apa pokhuthala apo popyapyala, moti mvula ikanalowa ngati m'dengu.

A Dyson anaima chapatali akuonerera. Iwo ndi amene anafolera tchalitchi cha m'mudzimo, ndipo chinali chisanadonthepo. Anapirira mtolo woyamba. Wotsatira anaupirira akupukusa mutu. Kenako anavula jekete n'kuipachika pa nthambi.

"Tsikani apo, mukuwononga udzu wa mwana wa mlongo wangayu," anatero akugwira makwerero. Atafika pamwamba anayang'ana pansi. "Akamwini, musangoima. Anthu anuwa ndamva kuti sagwira ntchito popanda nyimbo. Yambitsani, azindiponyera mitolo. Koma ikhale yoti mkulu wa mpingo angayankhe."

Simioni anayambitsa, ndipo a Dyson anayankha ali padenga. Madontho oyamba anawapeza akumangirira udzu wa pamsonga, ndipo sanatsike mpaka atamaliza. Mvula inagwa yamphamvu masana amenewo. Simioni, Keti ndi Jestina anaimvera ali m'nyumba mwawo, ndipo nkhani yochoka pamudzi sinatchulidwenso.

Simioni anayimba pansi pa mango a kwa a Lizzie zaka zambiri. Sanalemere, ndisakunamizeni. Koma Jestina ndi azing'ono ake anakulira pakhomo pamene panali bambo awo, ndipo oyimba achinyamata a m'mabala a ku Mangochi ankabwera kudzaphunzira kwa iye kusiyira anthu mpata woyankha.

Tsono inu amene akukusekani lero, mverani. Lekani kuvala mawu a eni ake, fufuzani chimene mwakhala nacho kuyambira kale n'kumachiyesa chachabe. Amene wakhala chete pambali panu musafulumire kumuweruza kuti watopa nanu, mufunseni. Mawa kukacha dzukaninso, pitani komwe anakusekani dzulo. Alipo wina amene akulimba chifukwa choona inu mukudzuka. Mtimawo musautaye.